Alesi a Pansi pa Lamba

Owerenga anga, sabata ino ndabwera mutu uli wowerama. Mukandiona pa msika wa Katete ndikuyenda m'mbalimbali ngati nkhuku yovumbwa, musayese ndadwala. Ndi manyazi chabe. Ondichititsa manyaziwo ndi awiri: mwana wa mlongo wanga, ndi makina oswera nshawa, zija anzathu a ku Nyasalande amati mtedza.

Amene simundidziwa, ine ndinagwira ntchito yomasulira m'khoti mpaka imvi zinamera. Woweruza mzungu akakalipa, ine ndinkakalipa m'Chinyanja. Woimbidwa mlandu akalira, ine ndinkalira m'Chizungu. Chipumireni pantchito, pakhomo panga sipazizira. Wina abwera ndi kalata ya ku Joni, wina ya ku migodi, wina ndi pepala la ku chipatala, onse kuti a Mbewe awawerengere. Anyamata a pa sitolo anandipatsa dzina loti a Dikishonale. Ndimachita ngati dzinalo silindisangalatsa, koma kunena zoona limanditsekemera.

Tsono Lolemba masana basi ya ku Fort Jameson inatsitsa mphwanga Laitoni, fumbi mpaka m'nsidze, m'manja muli kasutikesi ndi nkhuku yomanga miyendo. Nkhukuyo inali yochokera kwa mayi ake, mlongo wanga wa ku Vubwi, ndipo inabwera ndi kalata. Mukudziwa inu kuti nkhuku yobwera ndi kalata siidyedwa mwamtendere.

Kalatayo inati: "Achimwene, mwana wanu uyu masamu wakhoza, kujambula makina wakhoza, koma Chizungu chamugwetsa. Akuti akalembenso mwezi wamawa. Akalepheranso, malo ake apatsa wina. Ife kuno tangogwira njakata. Mwini Chizungu ndinu. Mukonzeni."

Laitoni amaphunzira umisiri wa makina ku Lusaka. Ndi mnyamata wamtali, wofatsa, wolankhula ngati akuopa kudzutsa khanda. Pa mtundu wathu wonse ndiye woyamba kufika kumeneko. Tsiku lomwe ankapita, mayi ake anavina mpaka mpango kugwa. Tsopano taganizani mnyamata ameneyu atabwerera kumudzi ndi kasutikesi kake komweko, anthu n'kumaloza kuti si uja ankati adzapanga makina uyu.

Ndinamugwira paphewa. "Usade nkhawa, mphwanga. Chizungu ndi nyama yomwe ine ndaisenda zaka zambiri. Mawa tiyamba."

Lachiwiri m'mawa ndinavala jekete, ngakhale kunali kotentha, ndi kukhazika mipando iwiri pakhonde. Laitoni anatulutsa buku lachikuto chobiriwira, lolembedwera ophunzira zamakina kuti azolowere Chizungu cha ntchito yawo. Mutu uliwonse uli ndi kankhani kowerenga, pansi pake mafunso. Tinatsegula mutu wa makina onyamula katundu: okweza zitsulo m'mwamba, otsitsa miyala m'ngolo, ndi malamba aatali oyenda okha atasenza mchenga kapena malasha.

Ndinakonza magalasi, ndinatsokomola monga ndinkachitira woweruza akamalowa, n'kuwerenga mokweza: "The belt is carried on idlers."

"Apa povuta ndi pati?" ndinatero. "Belt ndi lamba. Idler ndi munthu waulesi, mlesi weniweni. Mawu amenewa ndawamasulira kambirimbiri apolisi akagwira anthu ongoyendayenda m'tauni. Apa akuti lamba ameneyu amanyamulidwa ndi alesi."

Laitoni anandiyang'ana, nayang'ananso m'buku. "Alesi, amalume?"

"Alesi. Sunawaone? Pa ntchito iliyonse ya mseu pamakhala anthu anayi okumba, asanu ndi mmodzi otsamira mafosholo. Azungu aona kuti otsamirawo bola awapatse lamba azigwirizira."

Mnyamata anatenga pensulo, nalemba bwinobwino m'kope mwake: alesi.

Tinapitirira. Bukulo linati katundu amalowa ku tail ndi kutulukira ku head, ndipo polowetsapo linagwiritsa mawu oti feed. Amenewa ndi mawu a ana a Sitandade wani. "Chinthu chimenechi," ndinafotokoza, "amachidyetsa kumchira, ndipo chimatulutsira kumutu."

Mayi a kunyumba, Anaphiri, anali chapafupi akusankha nyemba m'lichero. Osadzutsa n'komwe mutu anati, "Chilombo chimenecho musabwere nacho pakhomo pano."

Ine ndinangotembenuza tsamba. Munthu wophunzira sayankha zilizonse.

Kenaka tinalowa m'mutu wa masamu aja amati kalikyulasi. Ine ndinkayesa masamu ndi kuwonkhetsa, kuchotsera, kuchulukitsa ndi kugawa, basi atha. Awa ayi. Awa akuti ndi masamu a zinthu zosakhazikika, zomwe zikusintha iwe uli chiyang'anire. Mzere woyamba unali ndi mawu oti function. Mtima wanga unakhala pansi, chifukwa amenewa ndiye ndimawadziwa bwino. Ndi phwando lija la kwa bwana wa pa Boma, lomwe amaitana mafumu kukamwa tiyi choimirira. Bukulo linkati chilembo china ndi function ya chilembo chinzake.

"Ndiye kuti Y wapita kuphwando kwa X," ndinatero.

Laitoni anatsokomola. "Amalume, kusukulu amati..."

"Amati chiyani?"

"Ayi, palibe."

Ndinamufunsa za funso lomwe linamugwetsa pa mayeso. Anati linali la mchenga wogwa kuchokera pa lamba, n'kumaunjikana mulu wosongoka ngati chulu. Iye anawerengera bwinobwino kutalika kwa muluwo, nalemba yankho, natuluka akumwetulira. Koma iwo sanafunse kutalika. Anafunsa liwiro lomwe muluwo ukukwerera pa nthawi imeneyo. Kamawu kamodzi kakang'ono kanamudutsa, ndipo anayankha funso lomwe palibe analifunsa.

Ine ndinagwedeza mutu mwanzeru. Kusiyana kwa ziwirizo sindinakumve ngakhale pang'ono.

Mnyamata atapita kukasamba, ndinalowa m'nyumba mwakachetechete kukatsegula dikishonale yanga yakale, yomwe woweruza wina anandisiyira pobwerera kwawo. Za alesi zija zinkandikayikitsa pang'ono. Ndinafufuza, ndinapeza. Dikishonale inati idler ndi munthu waulesi. Basi. Ndinaitseka mokondwa. Awiri tikagwirizana, ine ndi buku, wachitatu angatsutse ndani?

Wachitatuyo anali Anaphiri. Madzulo akuchotsa mbale anati, "Atate ake Esinati, paja ku shedi ya nshawa kunabwera makina a lamba chaka chino? Bwanji osapita ndi mwanayu mukawaone alesi anuwo? Mwina mukapezako achibale."

Lachitatu tinapita. Cholinga changa chinali chakuti mnyamata akaone ndi maso zomwe malume ake anamuphunzitsa ndi pakamwa.

Amene mumagulitsa nshawa kuno mukuidziwa shedi imeneyi, ndipo mukuwadziwa akapitawo ake, a Sakala. Ndi bambo wamfupi, wachifuwa ngati mtondo, chala chimodzi anachisiya ku migodi komwe anagwira ntchito unyamata wawo wonse. Sukulu sanalione khomo lake. Posaina amadinda ndi chala, chimodzi mwa zotsalazo.

Makinawo anali pakati pa ntchito. Injini ikuti tu-tu-tu-tu, anyamata akukhuthulira nshawa m'chibokosi, nshawa zoswa zikugwera m'masaka, ndipo makoko akukwera pa lamba wakuda wautali wotulukira kunja, kukagwa pa mulu kuseri kwa shedi. Fumbi lake losaona nalo mnzako. Ine ndinkasuzumira uku ndi uku kufuna anthu onyamula lamba. Sindinaone aliyense. Koma pakona panali amuna atatu atakhala pa masaka akutafuna nzimbe, ndipo ndinati mumtima, ndi awa, apumulako.

Mwadzidzidzi pansi pa lamba panayamba kulira kwii, kwii, kwii. A Sakala anakuwa, "Zimitsa! Zimitsa injini! Aidila wachitatu wagona! Thamanga ndi girizi!"

Ndinamugunda Laitoni ndi chigongono. "Wamva? Wachitatu ndi uyo wachipewayo." Ndipo pofuna kuonetsa kuti malamulo ndimawadziwa, ndinasendera pafupi. "Pepani a Sakala. Munthu akagona pantchito mumuchenjeze kapena mumuchotse. Koma kumupaka girizi, umenewo ndi mlandu. Ndawaona anthu akumangidwa pa zochepa kuposa zimenezi."

A Sakala anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumagalasi. "Munthu wake uti, a Mbewe?"

"Mlesiyo. Aidilayo."

Injini inali itazima, choncho mawu anga anamveka shedi yonse. Kenaka a Sakala anagwada, nakwawira pansi pa lamba, nagogoda ndi sipanala kachitsulo kobulungira ngati mpukutu wa nsalu, kamodzi mwa tambiri tomwe tandandalika pansi pa lambayo.

"Aidila ndi uyu, achikulire."

Kuseka komwe kunabuka pamenepo, ndikhulupirira ku Sinda anakumva. Wachipewa uja nzimbe inamutsamwa, anzake anachita kumumenya pamsana. Ine ndinavula magalasi ndi kuyamba kuwapukuta, ngakhale ndinali nditawapukuta kale.

A Sakala, poti ndi munthu wachifundo, anandifotokozera ali chigonere pansipo. Tizitsulo timeneti injini siitiyendetsa. Timangozungulira lamba akamadutsa pamwamba pake, n'chifukwa chake azungu anatitcha alesi. Koma kamodzi kakangouma n'kuima, kamadya lamba mpaka kumudula. Kumchira ndi kumunsi kothirira katundu. Kumutu ndi kumtunda kogwetsera. "Ife ku migodi tinkangomva azungu akutchula, nafenso n'kumatchula," anatero. "Kulemba kwake sindikudziwa. Koma ndikamva kulira, ndimadziwa kuti ndi wachingati."

Ndinatembenukira kwa mphwanga. "Iwe, zimenezi sunkazidziwa?"

Anayang'ana pansi. "Ndinkazidziwa, amalume. Kusukulu tinamasulapo kamodzi n'kukabwezera."

"Nanga bwanji unalemba zoti alesi?"

"Ndimati mwina pali tanthauzo lina lakuya lomwe inu mukulidziwa. Paja Chizungu ndi chanu."

Owerenga anga, kuseka kwa anyamata aja sikunandipweteke ngati mawu amenewa. Mnyamata anagwirapo chitsulocho ndi manja ake, koma atamva malume ovala jekete akunena zina, anakhulupirira jekete nasiya manja. Akanapita nazo ku Lusaka zimenezo, akanalemba za alesi pa mayeso, ndipo womugwetsa ndikanakhala ine, nkhuku ya mayi ake nditadya.

Girizi atathira, injini inalira, ndipo tinazungulira kuseri kukaona mulu wa makoko. A Sakala anayamba kudandaula. Anati muluwu umawanamiza tsiku lililonse. M'mawa umakwera msangamsanga, iwo n'kuganiza kuti pofika teni koloko ugunda kumutu kwa lamba, n'kuitana anyamata ndi mafosholo kuti aufalitse. Anyamata afika, aimirira, adikira, mulu osafika. Dzuwa lifika pamutu, mulu ukadali pansi. "Ngati muli mfiti m'katimo," anatero.

Apo ndipo ndinamuona Laitoni wina. Anathyola kamtengo, nagwada, najambula mulu pansi. "Onani akapitawo. Lamba akuthira makoko mofanana kuyambira m'mawa mpaka madzulo, sachulukitsa, sachepetsa. Koma mulu ukamakula, tsinde lake limatambasuka. M'mawa dengu limodzi la makoko likwanira kuukweza chikhatho chathunthu, chifukwa ndi waung'ono. Masana dengu lomwelo liyenera kufunda mulu wonse kuzungulira, ndiye limangoukweza pang'ono ngati chikhadabo. Mulu ukatalika kawiri, kukwera kwake kumachepa kanayi."

Anayeza muluwo ndi ndodo, nafunsa madengu omwe lamba amathira pa ola, nalemba timanambala pafumbi. "Lero musavutitse anyamata mpaka itakwana fili koloko."

A Sakala anayang'ana zojambulazo nthawi yaitali. "Ndiye zimenezi ndi zomwe mumaphunzira kumeneko?"

"Ndi zomwezi."

"Nanga akuti walephera chiyani?"

"Kuzinena m'Chizungu."

"Tanena tsono. Nena zomwe wandiuzazi."

Laitoni anaimirira, manja kumbuyo, maso kudenga la shedi, nayamba kulakatula ndime ya m'buku lobiriwira lija monga mwana wa katekisimu. Anafika pakati, mawu amodzi anamuthawa, ndipo zonse zinathera pomwepo. Anayambiranso. Anaimanso pomwe paja. Anandiuza pambuyo pake kuti chaka choyamba anatchula mawu ena molakwa m'kalasi, anzake a m'tauni anamuseka sabata yathunthu, ndipo kuyambira tsiku limenelo salankhula Chizungu chomwe sanachiloweze pamtima.

Pamenepo nzeru inandibwerera, yoyamba pa sabata yonse. Chizungu cha makina sindichidziwa, ndavomera. Koma pali ntchito imodzi yomwe ndinaionerera zaka zonse zija: kufunsa mboni mpaka itaiwala mantha. Mboni yoloweza nkhani imagwa pa funso lachiwiri. Koma ukaikwiyitsa, imanena zoona zake zonse mosapumira.

Ndinakhala pa saka la nshawa, ndinakweza magalasi pamphumi, n'kulengeza m'Chizungu kuti khoti layamba. Woimbidwa mlandu ndi mulu wa makoko, mlandu wake ndi ulesi. Mboni ndi Laitoni, ndipo khoti lino silimva Chinyanja.

Ndinayamba ndi kumuuza kuti nkhani ndi yoonekeratu: mulu ukuchedwa kukwera chifukwa masana injini imatopa.

Anayankha motsitsa kuti injini siitopa.

Ndinati ngati siitopa, ndiye kuti lamba akuba makoko m'njira.

Anati ayi, makoko onse akufika.

Ndinati mboni ikunama, chifukwa makoko akafika ofanana, mulu uyenera kukwera mofanana, ndipo mwana aliyense akudziwa zimenezo. Ndinawonjeza kuti function ndi phwando, ndipo amene akutsutsa atuluke.

"No, Uncle!"

Mawuwo anatuluka ngati chitseko chomenyedwa ndi mphepo. Ndipo Chizungu chinayamba kukhuthuka. China chopindika, china chopanda mchira, koma chake, chosaloweza. Ankaloza lamba, kuloza mulu, kujambula m'mwamba ndi manja. Anandiuza kuti function ndi pamene chinthu china chidalira chinzake, monga kukwera kwa mulu kudalira kukula kwa tsinde lake, ndipo tiyi sakhudzidwapo. Anandiuza kusiyana kwa kutalika kwa mulu ndi liwiro la kukwera kwake, kuja ndinagwedezera mutu dzulo lake, ndipo ulendo uno ndinamvadi. Ndikamufunsa mokhota, ankayankha mokhota momwemo. Mawu akamusowa ankazungulira n'kupeza ena. A Sakala, osamva ngakhale theka, ankangovomereza kuti "Eya! Muuze!"

Atamaliza anazindikira kuti wakalipira malume ake pagulu. Anagwira pakamwa. "Pepani, amalume."

"Khoti lakukhululukira," ndinatero. "Mulu ulibe mlandu."

Fili koloko itangopitirira pang'ono, nsonga ya mulu inagunda kumutu kwa lamba. A Sakala anamupatsa Laitoni nzimbe yathunthu.

Lachinayi ndi Lachisanu tinabwerera komweko. A Sakala ankaloza chitsulo ndi kutchula dzina lake la ku migodi, Laitoni ankalipeza m'buku ndi kuona kalembedwe kake, ine n'kumutsutsa mpaka atalifotokoza m'Chizungu chomveka. Aphunzitsi atatu, aliyense wolumala mwendo wake.

Tsono ndakhala ndikuganiza, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna tikambirane.

Ife timayesa Chizungu ndi chimodzi, ngati mtsinje umodzi, woti ukauwoloka wawoloka. Si choncho. Chilipo cha m'khoti, chilipo cha m'chipatala, chilipo cha m'tchalitchi, chilipo cha pansi pa lamba. Mawu omwewo ukawasamutsa nyumba amasintha mtundu. Ngakhale mzungu weniweni, woweruza uja anandisiyira dikishonale, mukanamuika pamaso pa a Sakala, bwenzi nayenso akufunafuna alesi pakona.

Kusadziwa si mlandu. Mlandu ndi uwu tili nawo ife ovala majekete: sitinena kuti sindikudziwa. Kalaliki sanena. Mphunzitsi sanena. Womasulira ndiye angalole kufa. Timaopa kuti tikangonena kamodzi, anthu adzaleka kutivulira chipewa. Ndiye timagwedeza mutu, kutsokomola, n'kupereka yankho lililonse lomwe lili pafupi. Ana athu nawo atengera. Mphunzitsi akafunsa ngati amva, kalasi yonse iyankha kuti inde, chonsecho palibe wamva. Paja akulu anati safunsa anadya phula. Ife phula tikudya ndi supuni, titavala tayi.

Ndikuuzeni chinthu chomwe sindinauzepo munthu, ngakhale Anaphiri. Kalekale, pa mlandu wina wa ndewu, dokotala anabwera kudzachitira umboni za bala. Anatchula mawu amodzi aatali omwe sindinawamvepo chibadwire. Khoti lonse linali kuyang'ana ine. Kodi ndinaimika mlandu ndi kupempha kuti abwereze m'mawu apafupi? Ayi. Ndinatembenukira kwa woimbidwa mlandu n'kunena kuti adokotala akuti bala linali lalikulu. Munthuyo anagwedeza mutu, sanafunse kanthu, ndipo anapita kundende. Mpaka lero sindidziwa ngati mawu aja ankatanthauza bala lalikulu, kapena bala lakale lomwe iye sanalipange. Mwina akanamva zoona akanadziteteza. Ndinali nditaiwala nkhope yake. Lachitatu lija, pobwerera kunyumba, ndinaikumbukira.

Masiku ano kulikonse ndi misonkhano. Pansi pa mtengo uliwonse pali wina akufuula za kudzilamulira, ndipo nanenso ndimaomba nawo m'manja. Olankhula Chizungu cha pa nsanja tili nawo ambiri, mawu aataliatali oti munthu ukawamva umafuna madzi akumwa. Koma tsiku lomwe eni makinawa adzalongedze katundu, adzatsale ndi lamba ndani? Lamba samva zolankhula za pamsonkhano. Akadzalira kwii, kwii, padzafunika munthu wodziwa kuti ndi wachingati, wotha kutsegula buku la makinawo n'kumva zomwe likunena, ndi kulemba kalata yoitanitsa chitsulo choyenera, osati kuitanitsa alesi khumi ndi awiri.

Anthu amenewo ndi a Laitoni. Ndipo tikuwagwetsa pa kamawu kamodzi.

Kwa aphunzitsi a sukulu zaumisiri, ngati nyuzi ino imakufikani, pempho langa ndi ili. Mwana asaloweze ndime. Mutengereni pomwe pali makina, agwire, adetse malaya, afotokoze kaye m'chinenero cha mayi ake mpaka nkhalamba yosaphunzira imve. Akatero mwadziwa kuti nzeru ilimo, chatsala ndi kuiveka Chizungu. Ndipo oseka anzawo m'kalasi muziwaimiritsa iwowo kuti afotokoze. Kuseka kumatha msanga munthu akaimirira.

Kwa a Sakala onse a m'dziko muno, omwe muli ndi mabuku athunthu m'makutu ndi m'manja: musamabise. Mukaona mwana wa sukulu akusuzumira pa shedi, muitaneni.

Loweruka ndinamuperekeza Laitoni kukakwera basi ya ku Lusaka. Ngati akakhoze sindikudziwa, ndipo onani, ndayamba kuwazolowera mawu amenewa. Chomwe ndikudziwa n'chakuti podikira basiyo anakangana nane m'Chizungu za chifukwa chomwe katundu wolemera sayenera kukwezedwa padenga la basi, ndipo anandigonjetsa anthu akuona.

Basi itanyamuka, fumbi lisanakhale n'komwe pansi, bambo wina wa ku Mkaika anandigwira mkono. Anali ndi chitini cha mankhwala opopera thonje, chomwe mlangizi anamupatsa. "A Dikishonale, mwayi wanga ndakupezani. Tandiwerengerani apa, akuti ndithire bwanji?"

Ndinavala magalasi. Mizere iwiri yoyamba inali yosavuta. Wachitatu unali ndi mawu omwe sindinawaonepo, ndipo anali pafupi ndi chithunzi cha chigaza. Anthu anali atayamba kutizungulira. Ndinamva kutsokomola kuja kukubwera pakhosi, ndipo yankho labwino, lomveka mwanzeru, linali kale pa lilime.

Ndinalimeza. "Bambo, mawu awa sindikuwadziwa. Tiyeni tipite kwa mlangizi tikafunse."

Bamboyo anandiyang'ana modabwa, nandilanda chitini chake mwaulemu. Pochoka ndinamumva akuuza mnzake, "A Mbewe akalamba. Tiye kwa kalaliki wa ku positi, amene uja sasowa yankho."

Ndinawathamangira, jekete lili pakhwapa, ndipo ndinachita kuwakokera kwa mlangizi ngati mbuzi zokana dibi. Mawu aja akuti ankatanthauza kuti mankhwalawo amalowa m'thupi kudzera pakhungu, munthu asawasakanize ndi manja. Bamboyo anathokoza mlangizi. Ine sanandithokoze, ndipo ndamva kuti ku Mkaika mbiri yafika kale yoti a Dikishonale masamba ayamba kuthothoka.

Tsono ndikufunseni, inu amene mumabwera ndi makalata ndi zitini kwa ife ovala majekete: mukufuna munthu wosasowa yankho, kapena mukufuna kukolola thonje lanu muli moyo?